Nkhope ya Wotchi ya Bambo Ako

Esnati mwana wanga, wandifunsa kambirimbiri chifukwa chimene wotchi ya bambo ako siyenda chonsecho mayi wako ndine wokonza mawotchi, ndipo nthawi zonse ndimakuyankha kuti ndilibe chipangizo chake. Sindinaname, koma sindinanene zonse. Tsopano maso akundithera, kuchipatala akuti sadzabwerera mwakale, ndasiya ntchito mano onse akadali m'kamwa, ndiye ndati ndilembe msanga ndisanafike popempha munthu kuti andigwirire cholembera. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, usaseke zilembo. Za ubwana wanga kwa Mkhumba ndizisiya, kunali khasu ndi makaka basi. Ndiyambira pa ntchito.

1996, pakhonde la sitolo ku Phalombe

Bambo ako, a Lusiyano, anamwalira iwe usanayambe kuyenda. Sanasiye mbuzi, sanasiye njinga, anasiya wotchi imodzi. Inali ya bambo awo, amene ankaphikira Mpwitikizi wina ku Milanje, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anaivula pamkono n'kuwapatsa. Inali yolemera, yosafuna batire, yongopukusa kakiyi kake m'mawa basi yayenda tsiku lonse. Nkhope yake, ndiye kuti mbale ija pamene pamayenda mivi, inali yakuda bii yokhala ndi timizere tagolide ndi dzina la ku Ulaya limene amuna akamalitchula amatsitsa mawu. Tsiku logawana katundu achibale a bambo ako anatenga mpaka mphasa, koma wotchiyo sanaione chifukwa ndinaimanga m'thewera lako, ndipo palibe mlamu amene amapisa dzanja m'thewera la mwana wotsekula m'mimba.

Mchere utatha ndi sopo yemwe, ndinakubereka n'kupita nayo kuboma kuti ndikaigulitse. Pakhonde la sitolo ina pankakhala a Mukhapa, wokonza mawotchi, munthu wamkulu wa jekete yabwino koma manja akunjenjemera ndi kachasu. Atatsegula chivindikiro chakumbuyo anasuzumira m'kati mwake, ine ndikuopa kuti anena kuti ndaba. Kenako kasikuluwu kena kamene anali nako patebulo kanawapulumuka n'kugwera m'fumbi, anafufuza osakapeza, ine ndinali nditakaona kale pamene kagwera, ndinawerama iwe uli kumbuyo n'kukatola ndi chikhadabo.

"Maso amenewo unawagula kuti, mtsikana iwe?"

"Ndimasankha mpunga, abwana."

"Tatambasula dzanja. Ee, silikugwedezeka. Wotchiyi usagulitse, isunge, ndi ya mwanayu. Ubwere mawa."

Ndinabwerera kunyumba ndikuthokoza Mulungu kuti ndakumana ndi munthu wachifundo. Zaka zinadutsa ndisanazindikire kuti iwo anangoona kuti chinthu chili m'manja mwa wantchito wako ndi chako kale, palibe chifukwa chochigulira.

Ntchito yeniyeni sinali yokonza mawotchi akufa ayi. Nthawi imeneyo matipate anali atangobwera, aliyense ankafuna kuoneka bwana, wogula nandolo, woyendetsa matola, mlembi wa chipani kumudzi, onse atavala jekete ya kaunjika ankafuna pamkono pakhale chinthu chowala. A Mukhapa ankapita ku Limbe n'kubwera ndi nkhope za mawotchi odula, zina zenizeni zochotsa pa mawotchi akufa, zina zongopenta, ankabweranso ndi mivi, magalasi ndi malamba. Ine ntchito yanga inali kuchotsa nkhope yotchipa n'kuika yolemekezeka. Makina a m'kati tinkawatchula kuti mtima. A Mukhapa ankati, "Anthu sagula mtima, make Esnati. Mtima ndani amauona? Amagula nkhope." Anandiphunzitsa kupana kagalasi padiso, kutola tizitsulo ndi kapani, kudontheza oyilo ndi kasingano, ndi kuchotsa fumbi ndi kampira kopopa mphepo, chifukwa ukauzira ndi pakamwa mtima umachita dzimbiri. Ndinkagwira ntchito nditagwira mpweya, iwe uli kumbuyo, ndikupemphera kuti usadzidzimuke pamene ndikukhazika muvi. Ukalira ankanditukwana, ndikathyola muvi ankandiuza kuti amasiye ofuna ntchito adzaza Phalombe yense. Ndinkaopa iwo, ndinkaopa makasitomala, ndinkaopa apolisi akamadutsa, ndinkaopa ngakhale mphepo.

1999, kumsika wa kwa Nazombe

Chaka cha chisankho a Mukhapa ananditumiza kukatsegula katebulo kumsika wina kwa Nazombe, chakufupi ndi malire. Dzina la msikawo sindilemba, anthu ake alipobe. Ankati andikweza. Kukweza kwake kunali kachipinda kodontha kuseri kwa chigayo, fumbi la ufa likulowa m'mitima ya mawotchi tsiku ndi tsiku, ndipo zipangizo zinkabwera iwo akakumbukira. Oyilo weniweni, wofiira uja wa m'kabotolo kakang'ono, ankatha miyezi osabwera, ndinkapempha oyilo wa mashini kwa telala, wotchi imayenda sabata ziwiri n'kuima, mwini wake amabwera kudzanditukwana ine, osati iwo. Mlatho ukakokoloka ndinkachotsa zipangizo pa wotchi ya uyu kuika pa ya uyo, n'kumapemphera kuti asabwere tsiku limodzi.

Pamsikapo panali Atcheya, ogula mbewu, amenenso anali wapampando wa komiti ya msika ndi wa chipani chinachake. Munthu wamimba, wa mawu okoma. Tsiku lina anabwera ndi a Mukhapa, n'kuika patebulo wotchi yachitsulo chowala koma mtima wake wotchipa, wa mtundu umene tinkauona tsiku lililonse. Anati kukubwera akuluakulu pamsonkhano ndipo sangaime pansanja ndi chinthu chimene anyamata amavala. Ndinawaonetsa nkhope zonse zimene ndinali nazo, anazikankha ndi chala. Atcheya atatuluka, a Mukhapa anatsala.

"Make Esnati, tatulutsa ija ya malemu."

"Ija si yogulitsa, abwana. Munanena nokha kuti ndi ya mwana."

"Ndani wanena zogulitsa? Tingobwereka nkhope. Mtima ukhala nawo iwe, si ndiye chenicheni chimenecho? Kampeni ikatha ibwerera."

"Nanga akadzakana?"

"Mwana wako amadya nkhope ya wotchi? Tandiuza, katebuloka ndi ka ndani? Kagalasi kali pakhosi pakoko ndi ka ndani?"

Ndinatulutsa. Ndinaichotsa ndi manja angawa, mwana wanga. Kuseri kwa nkhope kumakhala timiyendo tiwiri tolowa m'mabowo a mtima, ndipo timiyendo ta nkhope ya bambo ako sitinagwirizane ndi mtima wa Atcheya. A Mukhapa anati dula. Ndinadula, n'kumata ndi guluu, ndikudziwa kuti chimene wadula miyendo sichibwerera chokha kwawo. Pa wotchi ya bambo ako ndinaikapo kankhope koyera kopanda dzina ka wotchi ina yakufa. Inkayendabe bwinobwino, ndinkaipukusa m'mawa uliwonse n'kuimanga pansonga ya nsalu, koma ndikaiyang'ana zinkakhala ngati mwamuna wanga wabwera kunyumba ndi nkhope ya munthu wina.

Pamsonkhano paja Atcheya anapinda mkono wa shati, ankaloza ndi dzanja lamanzere lokhalokha ngati lamanja lathyoka. Kenako tinamva akuuza anthu kuti wotchiyo anachita kupatsidwa ndi akuluakulu ku Lilongwe powathokoza. Nkhaniyo inakula, ana ankawathamangira kufunsa nthawi, amuna ankapempha kuigwirako. Kampeni inatha. Nditafunsa a Mukhapa anati dikira adzigwire kaye mtima, chipani chawo chavutika. Chaka china anati usandisokose. Atcheya akakumana nane ankati, "Mwaswera bwanji, mayi," maso ali kumwamba, ngati sitinakhalepo m'chipinda chimodzi.

2002

Chaka cha njala chija unali wamkulu ndithu, uyenera kukumbukira gaga ndi mizu ya nthochi. Anthu ankabwera ndi mawotchi kudzagulitsa, wogula panalibe. Wotchi ya bambo ako sindinaigulitse, ngakhale tsiku limene unagona ndi madzi okha ndinaitulutsa n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Tinapulumuka. Ndiye chakumapeto kwa chaka, mvula itangoyamba, kunabwera mphekesera ya anamapopa, eti kuli anthu oyenda ndi masingano ndi timapaipi, amapopa magazi a anthu n'kukagulitsa. Anthu anasiya kupita kumunda okha, mlendo aliyense wonyamula chikwama ankamuzungulira, ndipo tinamva kuti kumadera ena anthu avulazidwa. A Mukhapa anabwera Lachiwiri lina, anatenga nkhope zonse zabwino n'kunena kuti akukasinthitsa ku Limbe. Anali atamva kale zimene zinkanenedwa za ine kumjigo. Sanandiuze.

Apa werenga pang'onopang'ono, ndipo usalire, chifukwa siwe wolakwa. Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amayi ena kumjigo anakufunsa mongocheza kuti kodi amako amachita chiyani tsiku lonse m'kachipinda muja ndi diso lagalasi. Iwe unkandinyadira, ndipo unayankha ndi mawu amene unkawamva kwa ine tsiku lililonse. Unati, "Amayi amachotsa nkhope, amatsegula mtima, amabaya ndi kasingano, kenako amapopa."

Gulu la anthu linabwera tsiku la msika, dzuwa lili pamutu, mitambo ikusonkhana kuphiri. Ndinamva chigayo chazima, ndipo ndisanamve mawu a munthu ndinadziwa, chifukwa chigayo sichinkazima masana. Ndinakukankhira pansi pa katebulo, anakutulutsa, ine anandikokera panja ndi nsalu. Sindinaone nkhope zachilendo, onse anali anthu amene ndinkagula nawo tomato. Wina anali ndi chigubu cha petulo wa njinga yamoto, anachiika pansi mofatsa ngati munthu amene wabwera kudzagwira ganyu. Anakhuthula bokosi langa pamchenga. Mwamuna wina wogulitsa nyama, a Diresi, anatola kampira kaja n'kukafinya, kanapuma fuu, anthu anabwerera m'mbuyo.

"Ichi n'chiyani, mayi?"

"N'chopopera mphepo, achimwene, chochotsera fumbi."

"Mwamva nokha. Chopopera." Anatola kabotolo ka oyilo wofiira n'kukaimika padzuwa. "Nanga awa?"

"Ndi oyilo."

"Oyilo wofiira munamuona kuti inu? Nanga masinganowa?"

Ndinayang'ana m'gulumo ndipo ndinawerenga ndi maso anthu amene anali ndi ntchito ya manja anga pamkono. Analipo ambiri. Aliyense amene ndamuyang'ana ankaika dzanja m'thumba kapena kumbuyo, chifukwa kunena kuti mayiyu amandikonzera wotchi kunali kuvomera kuti nkhope imene amanyadira ndi yomata. Kenako ndinaona Atcheya ataima pakhonde la sitolo yawo, nkhope ya bambo ako ikunyezimira pamkono. Mawu awo amodzi akanabalalitsa gulu lonselo. Ndinagwada, iwe utandigwira m'chiuno.

"Atcheya, inu mukundidziwa. Auzeni anthuwa ntchito imene ndimagwira."

Anatsitsa mkono wa shati pang'onopang'ono, n'kumanga batani.

"Mayiyu ndimangomuona pamsika pano ngati mmene mumamuonera inu. Zimene amachita m'kachipindamo sindingaikire umboni. Yanga inachokera ku Lilongwe, siinadutsepo m'manja mwake."

Ndikanatha kunena. Mawu anali pakamwa, kuti vulani tione guluu amene ndinamata ine. Koma ndinaona anyamata awo onyamula matumba ataima pafupi ndi chigubu chija, ndipo ndinadziwa kuti ndikawachititsa manyazi sadzakhalanso chete, adzaloza. Munthu wamkulu akaloza, machesi amayaka. Panatsala chinthu chimodzi chokha choti ndionetsere ntchito yanga, ndipo ndinkadziwa chimene chimachitika ukatsegula mtima wa wotchi panja, pakati pa anthu, mvula ikuwaza. Ndinamasula nsonga ya nsalu.

Manja anga sananjenjemere, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinatsegula chivindikiro n'kuwaonetsa kagudumu kaja kakuvina uku ndi uku pamwamba pa kasipuling'i kopyapyala kamene timakatchula kuti katsitsi. Ndinapempha kampira kwa a Diresi, ndinapopa, fumbi linauluka. Ndinaviika kasingano mu oyilo, ndinadontheza. Ndinati uwu ndiye mtima umene mwanayu amanena, iyi ndiye nkhope, mverani. Ndinaika pakhutu la mayi wina wogulitsa nyemba zophika za kalongonda, anatseka maso, anati, "Ikugundadi." Wina anati tione, anailanda, inayamba kuyenda m'manja onyowa, yotsegula choncho, ine ndikuitsatira ndi maso ngati mwana amene akuwoloka mtsinje. Itafika kwa a Diresi anaiyandikiza kumaso. M'mitima ya mawotchi abwino mumakhala timiyala tofiira pamene pamazungulira timagudumu.

"Nanga tofiirati si magazi ouma?"

"Ndi timiyala, achimwene. Chonde musakhudze."

Anatenga kamtengo kotokosera m'mano kamene kanali pakamwa pawo, n'kutokosa. Katsitsi kanakola, anakoka, kanatuluka kotambasuka ngati ulusi. Anaika pakhutu, anagwedeza, anaikanso pakhutu. Mnyamata wina kumbuyo anati, "Aa, a Diresi, mwaipha. Namapopa ndinu, mwayamwa mtima wa eni ake." Anthu anaseka. Kuseka kumeneko ndi kumene kunatipulumutsa, osati chilungamo, osati chifundo. Mvula inatsika yamphamvu, mwini chigubu ananyamula chigubu chake, aliyense anathamangira kukaphimba malonda ake. Pochoka anaphwanyabe kabotolo ka oyilo n'kung'amba kampira ndi mpeni, kuti asaoneke ngati anabwera pachabe. Wotchi anaiponya pamiyendo panga. Palibe amene anapepesa, tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo m'mawa mwake mayi wa kalongonda uja anandifunsa ngati ndikufuna mbale yaikulu kapena yaing'ono.

A Mukhapa anabwera Khirisimasi itadutsa. Sanafunse za iwe, sanayang'ane mabala a m'maondo mwanga. Anati, "Ndamva kuti oyilo anaphwanyidwa. Ukudziwa kuvuta kwake kupeza oyilo ameneyo?" Ndinavula kagalasi kawo pakhosi n'kukaika patebulo. Tinasamukira kwa Jenala, kwa amalume anga, ndipo ndinayamba ndekha pansi pa mtengo wa mango ndi zipangizo zopemphetsa. Katsitsi ka wotchi ya bambo ako ndinakafunafuna ku Limbe, ndinatuma anthu opita ku Joni, ndinayesa kuwongola kakale komwe mpaka maso kutuluka misozi. Sikapezeka. Ena amati kwawo kumene inapangidwa kalipo, koma kumeneko ndani angatifikire.

2006

Nthawi imeneyi mawotchi apulasitiki a batire anali atadzaza misika, kenako kunabwera mafoni, munthu wofuna nthawi amangopisa m'thumba. Ntchito yanga inasanduka yosintha mabatire ndi kuboola malamba. A Mukhapa ndinamva kuti anamwalira, sindinapite kumaliro.

Tsiku lina masana panaima njinga ya kabaza pansi pa mango paja, n'kutsika munthu wowonda wa jekete yaikulu kuposa thupi lake. Ndinawazindikira ndi mawu. Anali Atcheya, upampando unawathera, sitolo inatsekedwa. Anayang'ana uku ndi uku kaye, n'kutulutsa wotchi m'thumba lam'kati, yokulunga m'kampango.

"Mayi, yaima. Ndayenda nayo kutali kuti kwathu asadziwe. Inu nokha ndi amene mukuidziwa m'kati mwake."

"Ine? Si inachokera ku Lilongwe iyi?"

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Zakale zija, mayi, inali nthawi yovuta. Tonse tinkaopa."

"Tonse, eti."

Ndinawauza kuti akakhale pamthunzi. Mtima wotchipa uja unangouma oyilo, ntchito yosachedwa, ndinautsuka ndipo unayamba kugunda. Kenako ndinalowetsa kampeni pansi pa nkhope, guluu wanga yemwe uja anamatuka mosavuta ngati ankandidikira. Ndinatenga kankhope koyera kopanda dzina kamene kanakhala zaka zonsezi pa wotchi ya bambo ako, ndinakamata pa yawo, ndinabwezera mivi, ndinapukuta galasi bwinobwino. Nditawapatsa anaiyang'ana.

"Mayi, iyi si yanga."

"Ndi yanu, bambo. Mverani, ikuyenda. Chanu chonse chili momwemo."

"Nkhope ija..."

"Ngati ndakuberani, msika uli apowu, anthu adzaza. Tiyeni mukawauze chimene ndachotsa, ndi amene anachiikapo."

Wakabaza anaimba belu. Atcheya anakulunga wotchiyo m'kampango kaja, sanaivale, anakwera njinga n'kumapita.

Usaganize kuti ndinasangalala. Ndinamata nkhopeyo pa wotchi ya bambo ako ndi guluu, popeza miyendo yake ndinadula ndekha, ndinabwezera mivi yake, ndipo mwachizolowezi ndinapukusa kakiyi n'kuika pakhutu. Ndinakhala choncho mpaka iwe unabwera kuchokera kusukulu n'kundifunsa kuti amayi mukumvetsera chiyani.

Ili m'kachitini ka mafuta odzola, pansi pa nsalu zanga za kutchalitchi. Ndi yako. Amuna akadzaona dzina lili pankhopepo adzatsitsa mawu n'kukuuza kuti angathe kuikamo mtima wina wa batire iyambe kuyenda lero lomwe. Usadzalole. Mtima uli m'menemowo ndi umene unkagunda pamkono pa agogo ako ndi pa bambo ako, ndipo unaima tsiku limene iwe ndi ine tinayenera kuima. Munthu akadzakufunsa kuti nthawi ili bwanji, udzayang'ane pafoni.